Rumba ya ku Cuba: gule wopanda gitala amene kuphunzira kwake kumayambira kukhutu

M'chaka cha 2016, bungwe la UNESCO linaika rumba pamndandanda wa miyambo ya anthu yoyenera kusungidwa, mndandanda womwe uja ulinso ndi Gule Wamkulu, Vimbuza ndi Tchopa. Patapita zaka zisanu, mu Disembala 2021, bungwe lomwelo linalengezanso kuti rumba yalowa pamndandandawo. Amene anamva nkhani zonse ziwirizi akanatha kuganiza kuti akuluakuluwo anaiwala zoti analemba kale. Sanaiwale ayi. Yoyamba ija inali rumba ya ku Cuba, yachiwiriyi ndi ya ku Congo.

Kwathu kuno munthu akangoti rumba, m'mutu mumabwera Franco, Tabu Ley kapena Koffi Olomide: magitala akulandizana, mawu a Chilingala, chiuno chikudikuka. Ndiye tsiku lina mutsegule kanema wa pa YouTube wolembedwa kuti rumba, mupeze anthu aunjikana pabwalo lopanikizika, ng'oma zitatu, timitengo tiwiri tikugogodana, gitala palibe ndi imodzi yomwe, ndipo pakati pa bwalolo mwamuna ndi mkazi akuzemberana osakhudzana. Imeneyo ndiyo rumba ya ku Cuba, imene masiku ano anthu a m'mayiko ambiri akulipira ndalama kuti aiphunzire. Ambiri amalowa m'kalasi akuganiza kuti akukaloweza masitepe. Amakapeza kuti masitepewo ndi ochepa, chovuta chili pena.

Dzina limodzi, magule osiyana

Chisokonezochi anayambitsa ndi ogulitsa nyimbo. M'zaka za m'ma 1930, nyimbo za ku Cuba za mtundu wa son, zoimbidwa ndi magitala ndi lipenga, zinatchuka ku America ndi ku Ulaya, ndipo makampani ojambula nyimbo ankalemba dzina loti rumba pa malekodi ake. Malekodi omwewo anafika ku Léopoldville, imene lero ndi Kinshasa, ndi ku Brazzaville. Oimba a kumeneko anamvamo kanthu kakwawo, zomwe n'zosadabwitsa popeza ambiri mwa akapolo amene anatengedwa kupita ku Cuba anali a m'dera la Congo, ndipo anayamba kuziimba mwanjira yawoyawo. Magulu ngati African Jazz ya Joseph Kabasele ndi OK Jazz ya Franco, imene inayamba mu 1956, ndiwo anakhwimitsa rumba imene ife timaidziwa. Mbale wake wa ku Cuba ndi son, osati rumba ya ng'oma.

Palinso rumba ya m'mipikisano yovina awiriawiri, ija ya madiresi onyezimira, imene malamulo ake anakhazikika ku London m'zaka za m'ma 1950. Nayonso mizu yake ili mu son ndi bolero. Rumba ya ku Congo ndi ya m'mipikisanoyi tizisiye pambali.

Kumene inabadwira

Dziko la Cuba linachedwa kuthetsa ukapolo. Zombo zinkabweretsabe anthu mozemba mpaka m'zaka za m'ma 1860, ndipo ukapolowo unatha mu 1886. Anthu oposa theka la miliyoni anawoloketsedwa nyanja kuchokera ku Africa, ambiri kukagwira ntchito m'minda ya nzimbe. Kumeneko ankawatchula malinga ndi kumene anachokera: a Congo; a Lucumí, omwe ndi Ayoruba; a Carabalí, ochokera cha ku Calabar; a Arará, ochokera ku Dahomey. Analiponso ena amene anakwezedwa zombo kugombe la Mozambique.

Ukapolo utatha, ambiri anasiya minda n'kulowera m'matauni a kudoko, makamaka Havana ndi Matanzas, kukasaka ganyu yonyamula katundu. Ankakhala m'nyumba zotchedwa solar. Solar ndi nyumba yaikulu yogawidwa m'tizipinda ta lendi, banja lililonse kachipinda kake, onse n'kumakumana pabwalo limodzi la pakati. M'nyumba zomwezo munkakhalanso azungu osauka ochokera ku Spain. Rumba inabadwira pabwalo limenelo, pakati pa anthu otopa ndi ntchito, pa tsiku lopuma, pachikondwerero cha wina, kapena popanda chifukwa chenicheni.

N'chifukwa chake magazi ake ndi osakanikirana. Kavinidwe ka mwamuna ndi mkazi kamafanana ndi magule akale a anthu a ku Congo otchedwa yuka ndi makuta. Nyimbo zimaimbidwa m'Chisipanishi, nthawi zina m'ndakatulo ya mizere 10 yotchedwa décima, koma mumagweranso mawu a Chikongo ndi Chiyoruba.

Poyamba sinkaimbidwa ndi ng'oma. Akuluakulu a boma analetsapo kangapo ng'oma za ku Africa pamisonkhano, choncho anthu ankaimba pa chilichonse chimene chinali pafupi: chitseko, kabati, madirowa, masupuni. Koma chimene chinagwira mtima ndi mabokosi a matabwa ochokera kudoko, aakulu obweretsera nsomba zouma zamchere zotchedwa bacalao, abale ake a bakayawo, ndi aang'ono a makandulo. Bokosi loimbirali limatchedwa cajón. Ng'oma zinadzalowa pambuyo pake, koma mpaka lero magulu ambiri sanalitaye bokosilo.

Kugogoda kasanu kumene kumalamula zonse

Wophunzitsa rumba aliyense wodziwa ntchito yake amayambira pa clave. Dzinali ndi la timitengo tiwiri tolimba togogodanitsa, komanso la kagogodedwe kake, kamene kamabwerezedwa osasintha kuyambira pachiyambi cha nyimbo mpaka pamapeto. Ndi kugogoda kasanu kokha. Woimba ng'oma, wotsogolera nyimbo ndi wovina, onse amayeza zochita zawo pa kugogoda kumeneku, ndipo amene wasemphana nako amati ali cruzado, ndiye kuti wapingasa.

Kuti mumve bwino mmene imayendera, werengani mofulumira koma mofanana kuyambira 1 mpaka 16, n'kubwereranso pa 1, mobwerezabwereza. Pondani phazi pa 1, 5, 9 ndi 13. Pamenepo m'pamene nyimbo imagunda, pamene thupi limafuna kutsikira lokha. Tsopano, phazi likupondabe, ombani m'manja pa 1, 4, 8, 11 ndi 13. Imeneyo ndiyo clave ya rumba. Muona kuti manja ndi phazi zikukumana pawiri pokha, pa 1 ndi pa 13. Katatu konseko manja akugwa pakati pa mapondedwe, ndipo kozunguza mutu kwambiri ndi kachitatu, ka pa 8, kamene kamalira phazi litangotsala pang'ono kutera pa 9.

Ovina salsa anazolowera clave ya son, imene imaomba pa 7 m'malo mwa 8. Kusiyana kwake ndi kagawo kamodzi kokha, komatu kagawo kameneko n'kamene kamachititsa rumba kumveka ngati ikutsamira kutsogolo. Wophunzira watsopano akatopa, dzanja lake limathawira pa 7 kapena kugwera pa 9 iye osazindikira.

Pambali pa clave pamakhala catá, chigogodo cha mtengo kapena nsungwi chimene amachimenya ndi timitengo tiwiri, kudzaza mipata imene clave yasiya. Kenako ng'oma zitatu zazitali zotchedwa tumbadora, zimene mayiko ambiri amazidziwa ndi dzina loti conga. Yaikulu, ya liwu lalikulu, ndi salidor. Yapakati ndi tres dos. Ziwirizi zimalandizana kaimbidwe kokhazikika kamene kamamveka ngati kanyimbo kakafupi kobwerezabwereza. Yaing'ono, yolira mokweza, ndi quinto, ndipo imeneyi ilibe njira yoikika. Ntchito yake ndi kulankhula.

Amene anaonererapo Gule Wamkulu akudziwa mmene mbalule imatsatira mapazi a gule: akapalasa, ng'oma ipalasa naye, akaima, nayo idula. Quinto imachita chimodzimodzi. Apa sitikunena kuti rumba inachokera kwa Achewa, koma amene anakulira pafupi ndi bwalo amamva msanga chinthu chimene ophunzira ambiri amachedwa nacho, choti wovina sangotsatira nyimbo ayi, nayenso ndi mmodzi wa oimba. Phewa lake likagwedezeka, ng'oma imayankha.

Nthawi yolowa pabwalo

Rumba siyamba ndi kuvina. Clave ikalira, wotsogolera nyimbo amayamba ndi diana, kaimbidwe ka mawu opanda tanthauzo monga "a la la" kapena "bele bele", kongodziwitsa anzake liwu limene nyimbo ikhalepo. Kenako amaimba nkhani yake. Itha kukhala ya chikondi, ya mnansi wamiseche, ya mnzake amene anamwalira, ya dera lakwawo, kapena yongodzitama kuti palibe womuposa pakamwa. Nthawi yonseyi anthu amamvetsera, ndipo pakati pa bwalo pamakhala pululu.

Nkhani ikatha, amaponya mzere waufupi, gulu livomera, iye aponyanso, gulu livomeranso. Gawo limeneli ndi montuno, ndipo eni ake amati apa rumba yasweka. Ovina amalowa pamenepa. Mlendo amene wadumphira pabwalo woimba akadali pakati pa nkhani yake wadziulula yekha kuti sakumva zimene zikuchitika, ngakhale mapazi ake atakhala aluso chotani. Ichi n'chifukwa chake aphunzitsi ambiri amaumirira kuti wophunzira azivomera nawo nyimbo akuvina, ngakhale Chisipanishi chake chili chothyokathyoka.

Yambú

Rumba ili ndi mitundu itatu ikuluikulu, ndipo yodekha pa yonse ndi yambú. Imavinidwa ndi mwamuna ndi mkazi, pang'onopang'ono, kawirikawiri motsanzira nkhalamba: mawondo opindika, msana wowerama, nthawi zina ngati munthu watsamira ndodo. Maso a anthu amakhala pa mkazi, mwamuna amangomukometsera. Nthawi zambiri imaimbidwa pa mabokosi aja. Imaoneka yophweka, koma gule wodekha alibe pobisala, phazi likatera mochedwa aliyense amaona. Lamulo lake lalikulu oimba amalitchula ndithu m'nyimbo: mu yambú mulibe vacunao.

Guaguancó: masewera a tambala ndi thadzi

Vacunao ndiye phata la guaguancó, rumba yofulumira pang'ono imene anthu ambiri amaidziwa. Dzinali linachokera ku liwu la Chisipanishi la katemera. Eni ake amafotokoza guleyu ngati masewera a tambala ndi thadzi. Mwamuna amazungulira mkazi, kumunyengerera, kunamizira kuyang'ana kumbali, kenako mwadzidzidzi n'kuponya chizindikiro cholunjika m'munsi mwa mchombo wa mkaziyo. Atha kuponya ndi chiuno, phazi, bondo, dzanja, chigongono kapena kampango kamene amakhala nako m'manja. Samukhudza. Mkaziyo ayenera kuona zisanachitike n'kutseka, posonkhanitsa siketi kutsogolo, pophimba ndi zikhatho, kapena potembenuka n'kumupatsa msana. Kutsekako kumatchedwa botao. Akatseka pa nthawi yake amakutumula siketiyo kumbali monyodola, ndipo bwalo lonse limaseka mwamunayo. Akachedwa, mfuwu umakhala wa mwamuna.

Wophunzira wamwamuna amakonda kuponya vacunao pafupipafupi, ngati kuti kuchuluka kwake ndilo luso. Wodziwa amadikira. Atha kuvina nthawi yaitali akungosewera ndi quinto, ngati waiwala zoti pali mkazi, mpaka mnzakeyo atayirire. Akafuna kuponya amasankha malo a nyimbo pamene woimba quinto angamuthandize ndi kulira kumodzi kwamphamvu, kuti maso ndi makutu a anthu zigwire chinthu chimodzi nthawi imodzi. Vacunao yoponyedwa kunja kwa clave, ngakhale itamupeza mkaziyo ali chitsegulire, siisangalatsa aliyense.

Kwa wophunzira wamkazi vuto limakhala mantha. Akangokhala chitsekere, manja ali kutsogolo nthawi zonse, ndiye kuti masewera atha asanayambe. Ayenera kutsegula siketi, kuyandikira, kumuputa dala mwamunayo, maso ali pa mapewa ndi chiuno chake kuti aone pamene akukonzekera. Siketi yotakasuka ija si yokongoletsa chabe, ndi chida chogwirira ntchito, ndipo kuigwira bwino ndi manja awiri, kuitsegula ndi kuitseka mogwirizana ndi mapazi, ndi phunziro palokha. Galasi la m'kalasi limaphunzitsa munthu kudziyang'ana, pamene guleyu amafuna kuti uyang'ane mnzako.

Pa nkhani ya vacunao anthu amasiyana maganizo. Ena amaona chithunzi cha mwamuna wosaka ndi mkazi wosakidwa, ndipo siziwakomera. Ena amati pabwalopo wolamula ndi mkazi, chifukwa ndiye amasankha kuyandikira kapena kutalikira, ndipo mwamuna akalephera ndiye amachita manyazi. Ku Cuba guaguancó amavina agogo ndi ana omwe, masana dzuwa likuswa mtengo.

Columbia: munthu mmodzi ndi ng'oma

Columbia inachokera kumidzi ya m'chigawo cha Matanzas, m'madera a nzimbe ndi njanji monga Unión de Reyes. Ndi yothamanga kuposa zinzake, ndipo kawerengedwe kake n'kosiyana. M'malo mwa timagawo 16 imayenda pa 12: phazi limaponda pa 1, 4, 7 ndi 10, clave n'kumalira pa 1, 3, 6, 8 ndi 10.

Pabwalo pamalowa munthu mmodzi nthawi imodzi. Amayamba wapereka ulemu kwa ng'oma, kenako n'kuyamba kuyesana mphamvu ndi woimba quinto. Wovina amadula sitepe mwadzidzidzi, agwedeza phewa, aponda katatu mofulumira, aima chilili, ndipo woimbayo ayenera kugwira chilichonse nthawi yomweyo. Akaphonya, anthu amaona. Nthawi zina woimbayo ndiye amaponya chovuta, wovina n'kuyankha ndi mapazi. Akakhutira amatuluka, wina n'kulowa kudzaonetsa kuti zimene zachitikazo n'zachibwana.

Mu columbia munthu amabweretsa chilichonse chimene thupi lake likudziwa. Ena amalowetsa kayendedwe ka íreme, ovina obisa nkhope a gulu lachinsinsi la amuna la Abakuá, limene linayambira ku Regla, kutsidya kwa doko la Havana, mu 1836. Ena amatsanzira wotsimphina, woledzera, wankhonya kapena woponya mpira wa baseball. Akatswiri ena amavina ndi mipeni kapena zikwanje m'manja, tambula ya madzi ili pamutu, kapena kupalasa mozungulira botolo osaligwetsa. José Rosario Oviedo, wodziwika ndi dzina loti Malanga, amene anamwalira m'zaka za m'ma 1920, amaimbidwabe m'nyimbo za rumba mpaka lero chifukwa cha luso lotere.

Kwa nthawi yaitali columbia inkatengedwa kuti ndi ya amuna, ngakhale kuti dzina la mayi wina, Andrea Baró, limatchulidwa pakati pa akatswiri akale. Masiku ano akazi ochuluka akuivina. Achikulire ena amang'ung'udza kuti mwambo ukusweka, ena amaloza kwa Andrea Baró n'kunena kuti khomo silinatsekedwepo.

Zimene thupi liyenera kuzolowera

Sitepe yoyambira ya guaguancó munthu atha kuiona tsiku limodzi: phazi lituluka kumbali n'kubwerera, linalo chimodzimodzi. Chimene chimadya nthawi ndi kaimidwe. Mawondo amakhala opindika nthawi zonse, phazi lonse pansi osati zala zokha, chifuwa chitaweramira kutsogolo pang'ono, ndipo thupi limatsika ndi kukwera mofewa osalekeza. Aphunzitsi amakutcha kutsika ndi kukweraku muelleo. Manja sayenda paokha. Kuyenda kwake kumayambira kumsana, kudutsa m'mapewa ndi m'zigongono, zala n'kumalizira. Munthu akangokupiza manja msana uli gwa, zimaonekeratu kuti ndi mlendo.

Amene anayambira ku salsa kapena ballet amavutika kutsika chifukwa anazolowera kuima mowongoka. Amene anakulira pa kwasakwasa ndi ndombolo ali ndi mwayi pa mawondo ndi pa khutu, koma ayenera kuweta chiuno. Mu rumba ya ku Cuba chiuno chimatsatira kumene thupi lalemerera, ndipo ntchito yaikulu ili m'chifuwa ndi m'mapewa. Masabata oyamba ntchafu zimawawa, palibe wothawa zimenezo.

Njira imene aphunzitsi ambiri amatsata ndi yowonjezera katundu pang'onopang'ono. Uyambe kuomba clave uli chiimire. Ikakhazikika, uziomba ukuyenda. Kenako uziomba ukuyenda ndi kuvomera nyimbo. Sitepe imabwera pamwamba pa zonsezi, mnzako wovina naye pambuyo pake, quinto pomalizira. M'kuona kwanga, amene amathamangira vacunao ndi zikwanje clave isanalowe m'thupi akungodzitalikitsira ulendo, chifukwa adzayenera kubwereranso kukagumula zimene anamanga.

Kalasi kapena bwalo?

Chisanafike chaka cha 1959, anthu apamwamba ku Cuba ankainyoza rumba. Ankati ndi ya anthu akuda osauka, ya mowa ndi ndewu. M'makalabu a alendo munkavinidwa mtundu wina wokometseredwa, wa zovala zonyezimira. Boma la Fidel Castro litalowa, linayamba kuitukula ngati chizindikiro cha dziko. Mu 1962 kunakhazikitsidwa Conjunto Folklórico Nacional, gulu la boma la magule a makolo, limene anayambitsa ndi Rogelio Martínez Furé ndi Rodolfo Reyes wa ku Mexico. Gululi linasonkhanitsa akatswiri a m'madera a anthu wamba, ndipo magule amene kale ankaphunziridwa pongoonerera anaikidwa m'dongosolo kuti aziphunzitsika komanso kuonetsedwa pasiteji. Magulu ena monga Los Muñequitos de Matanzas, amene anayamba mu 1952, Afrocuba de Matanzas, ndi Yoruba Andabo, imene inachokera kwa ogwira ntchito padoko la Havana, anaifikitsa rumba kumayiko akutali.

Soviet Union itagwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, chuma cha Cuba chinalowa pansi, dzikolo linatsegulira alendo khomo, ndipo kuphunzitsa rumba kunasanduka njira yopezera chakudya. Kwa zaka zambiri alendo ku Havana akhala akukhamukira ku Sábado de la Rumba, ya Loweruka pabwalo la Conjunto Folklórico ku Vedado, ndi ku rumba ya Lamlungu ya ku Callejón de Hamel, kanjira kamene Salvador González Escalona anayamba kukakongoletsa ndi zojambula mu 1990.

Mkangano wa pamenepa sunathe. Mbali ina imati kalasi ndi siteji zinapulumutsa rumba: akatswiri amene kale ankanyozedwa anayamba kulandira malipiro ndi ulemu, ndipo masitepe amene akanapita kumanda ndi eni ake anasungidwa. Mbali ina imati rumba yowerengedwa pagalasi imatulutsa anthu ovina mofanana, pamene pabwalo ulemu umapita kwa amene ali ndi kavinidwe kakekake. Amadandaulanso kuti ndalama za alendo sizifika mokwanira kwa anthu a m'ma solar amene anausunga guleyu pa nthawi imene ankanyozedwa. Aphunzitsi ambiri a ku Cuba ali mbali zonse ziwiri, anabadwira pabwalo koma akuphunzitsa m'kalasi. Uphungu wawo umakhala woti wophunzira akaime kaye m'mphepete mwa bwalo, azivomera nyimbo, aone mmene anthu amalowera, mmene amapatsirana mpata, ndi mmene amatulukira anthu asanatope nawo.

Kodi ndi gule wa mizimu?

Funsoli amafunsa ambiri opemphera, ndipo yankho lake lili pawiri. Rumba payokha ndi ya chisangalalo, siitana mzimu ndipo ilibe wansembe. Koma ambiri mwa oimba ake ndi omwewo amene amaimba pa miyambo ya Abakuá ndi ya zipembedzo za ku Cuba zochokera ku Africa zotchedwa Santería ndi Palo, ndipo wovina atha kulowetsa kayendedwe ka orisha, milungu ya Ayoruba, monga kukupiza siketi ngati mafunde kumene ndi chizindikiro cha Yemayá. Gulu la Afrocuba de Matanzas linafika pophatikiza rumba ndi ng'oma za batá za pamiyambo ya Ayoruba, n'kutulutsa mtundu wotchedwa batarumba. Masukulu ambiri ovina amaphunzitsa magule a orisha ndi rumba m'kalasi imodzi, choncho amene akufuna kusiyanitsa ziwirizi ndi bwino afunse asanalembetse.

Kuphunzira uli kutali ndi Cuba

Amene alibe mphunzitsi pafupi amadalira makanema a pa intaneti, ndipo pamenepa pali misampha iwiri. Woyamba ndi wa foni. Sipika yake imameza ng'oma zazikulu n'kusiya quinto, ndiye wophunzira amayamba kuthamangitsana ndi ng'oma imene ntchito yake ndi kuzemba kugunda kwa nyimbo. Mahedifoni amathandiza, ndipo khutu liziyamba lasaka timitengo tiwiri tija lisanamvere china chilichonse.

Wachiwiri ndi woti rumba ya masiku ano inasintha kaimbidwe. Kuyambira m'zaka za m'ma 1970, banja lina la ku Havana lodziwika kuti Los Chinitos linabweretsa kaimbidwe kotchedwa guarapachangueo, kamene kanafala m'magulu ambiri. M'kaimbidwe kameneka ng'oma zazikulu sizibwerezanso kanyimbo kokhazikika kaja. Zimasiya mipata yaitali, kenako n'kugwa mwamphamvu pamalo osayembekezeka, n'kumayankhana ndi quinto. Wophunzira amene anazolowera kutsamira pa salidor ndi tres dos amapeza kuti chotsamira chachoka, ndipo zosasuntha zimene zatsala ndi clave ndi catá basi. Woyamba kumene angachite bwino kuyambira pa nyimbo zakale za Los Muñequitos de Matanzas, m'mene ng'oma iliyonse imamveka pamalo pake, asanapite ku magulu a achinyamata a ku Havana.